MWINI WACE WA BUKU NDANI?

Ulendo wanga wa ku London unali waufupi, ndipo tsiku lopumula linali limodzi lokha. M'mawa anatitsogolera kukaona mtsinje wa Thames, ndi ulalo wa Tower Bridge, ndi nyumba ya mafumu ya Buckingham Palace. Zonsezi ndinaziona mothamanga, pakuti mlendo ndi mame, sakhalitsa. Koma dzuwa litapendeka ndinatsazika anzanga, ndi kupita ndekha ku St Pancras, kumene kuli nyumba ya mabuku yochedwa British Library, imene Mfumukazi Elizabeth II anaitsegula mu 1998.

Polowa m'nyumbamo munthu aona nsanja ya galasi yodzala ndi mabuku amene anali a Mfumu George III. Koma ine mtima unali pa buku limodzi. M'cipinda ca mdima pang'ono, pansi pa galasi, muli Codex Sinaiticus, ndilo Buku Lopatulika la Cigriki lolembedwa ndi manja pa zikopa, pakati pa caka ca 300 ndi ca 400. M'menemo muli Cipangano Catsopano cathunthu cakale koposa zonse zimene ziripo. Zilembo zace nzazikuru zokha-zokha, zopanda mpata pakati pa mau. Cigriki sindicidziwa, komabe ndinabvula cipewa, pokumbuka kuti mau amene timamva m'Cinyanja tsiku la Sabata anacokera kutali kotere.

Tsono bukuli linafika bwanji ku London? Zaka zambiri linasungidwa ndi amonke a nyumba ya St Catherine, patsinde pa phiri la Sinai. Mu 1844 Mjeremani wina wophunzira, dzina lace Constantin Tischendorf, anatengako masamba 43 napita nao ku Leipzig. Mu 1859 anabweranso, natenga gawo lalikuru kupita nalo ku Russia, atalemba kalata yolonjeza kuti adzalibweza. Mu 1869 panalembedwa kalata yina yonena kuti amonke alipereka kwa mfumu ya Russia monga mphatso. Ndipo mu 1933 boma la Soviet linaligulitsa kwa a Britain pa mapaundi 100,000. Lero masamba ace ali pamalo anai: London, Leipzig, St Petersburg ndi Sinai.

Nditaima pamenepo ndinadzifunsa kuti, mwini wace ndani? Wolemba sitimdziwa dzina. Amonke angathe kunena kuti, "Tinalisunga ndife, ndipo linacoka kwathu monga cobwereka." Ogula angathe kunena kuti, "Tinalipira ndalama, ndipo anthu wamba anasonkhako. Onani, ali yense alowa kudzaliona kosalipira." Mlandu wotere suweruzika msanga. Lonjezo ndi lonjezo, ngakhale wolonjezedwayo akhale wopanda mphamvu. Ndipo kusunga cinthu bwino sikufafaniza njira imene cinadzera. Komanso nzoona kuti khomo la ku London nlotseguka, ndipo nyumba zinai zija zinabvomerezana, ndipo pofika mu 2009 zinali zitaika zithunzi za masamba ao pamodzi pa intaneti, kuti munthu wa dziko liri lonse awerenge.

Pamene ndinali kuweruza anthu a maiko ena motero, mtima wanga unanditsutsa. Kwathu ndiri ndi bokosi la citsulo, m'mene ndatsekera mabuku amene ndinagula ndi malipiro anga ocepa. Tsiku lina mnyamata wa mnansi wanga anadza, nagwada pakhomo, nati, "Bambo, mundibwerekeko buku limodzi, ndidzabweza Loweruka." Ndinamkana, poopa kuti adzalidetsa ndi manja a nsima. Mnyamatayo sanabwerenso. Mabukuwo ali m'bokosi oyera bwino, ndipo ena papita zaka zisanu osatsegulidwa. Amene ndinawaimba mlandu aja aonetsa cuma cao kwa mlendo wosadziwika ngati ine. Ine ndinamana mwana wa pakhomo.

Cifukwa cace ndiyesa kuti buku lifanana ndi citsime. Wocikumba ayenera kuyamikidwa, wocisamala ayenera kumveredwa, ndipo wolanda citsime ca mnzace ali ndi mlandu woti ayankhe. Koma madziwo nga waludzu. Amene asunga buku ndiye kapitao cabe, ndipo cilungamo cace cioneka pa mafunso awiri: kodi analipeza moona, ndipo kodi alola ena kumwako? Lina likasowa, ngongole ikhalapobe.

Za masamba a ku Sinai ziri m'manja mwa akuru, ine sindingazithe. Koma za bokosi lija ziri m'manja mwanga. Akuru anati kupatsa nkuika. Ndinaturuka m'nyumbamo nyali za m'mseu zitayaka, nditatsimikiza mtima kuti ndikafika kwathu ndidzamfuna mnyamata uja, ndi kumpatsa mfungulo kuti asankhe yekha.