Kodi Mwana Wathu Akagona Kuti?

Kuŵerenga: Genesis 13:5-13, Danieli 1:1-21

Phunziro ili ndi la kalasi la akuluakulu, anyamata ndi atsikana amene alemba mayeso a Fomu 4. Ena mwa iwo adzasankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo mpingo udzakondwera nawo. Koma nthungululu zisanathe, makolo adzayamba kufunsana usiku: kodi mwanayu akagona kuti?

Kale funsoli silinali kuvuta. Pamene Yunivesite ya Malaŵi inayamba kuphunzitsa ku Chichiri m'chaka cha 1965, ophunzira anali oŵerengeka, ndipo kwa zaka zambiri wosankhidwa ankapeza bedi ndi chakudya pa koleji pomwepo. Lero si choncho. Polytechnic ija ya pa Ginnery Corner, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, ili ndi ophunzira ochuluka kuposa mabedi a m'mahositelo ake. Tsono ambiri amachita lendi ku Chitawira, ku Naperi, ku Zingwangwa, ku Nkolokosa kapena ku Ndirande, aŵiri kapena anayi m'chipinda chimodzi. Mwana amene sanagulepo ngakhale thumba la makala ayenera kusankha yekha nyumba ndi anthu okhala nawo.

Yambani ndi Loti. Abramu, ngakhale anali wamkulu, anamlola kuti asankhe ndiye. Loti anakweza maso naona chigwa cha Yordano chili ndi madzi ponseponse, nasankha chimenecho. Musafulumire kumdzudzula pamaso pa ana, pakuti munthu wa ziŵeto kufuna madzi si tchimo. Momwemonso si tchimo kufuna chipinda chotsika mtengo, cha magetsi, chapafupi ndi sukulu. Ndiponso mwana wanzeru ayenera kufunsa zimenezi ndi zina. Ife a ku Blantyre sitinaiŵale kolera wa 2022 ndi 2023. Choncho aone chimbudzi ndi kumene amatunga madzi. Sitinaiŵalenso matope amene anatsika m'phiri la Soche m'mwezi wa Marichi 2023, pa nthaŵi ya namondwe Freddy, nakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Choncho aone pamene nyumbayo yaima. Aŵerengenso mtunda, chifukwa ndalama imene wapulumutsa pa lendi ya kutali imathera pa minibasi, ndipo njira yabwino masana si yabwino pochokera ku laibulale usiku.

Cholakwa cha Loti chinali chakuti anafunsa za madzi koma sanafunse za anthu. Ndipo taonani mmene zinayendera: pa mutu 13 mahema ake ali pafupi ndi Sodomu, pa mutu 14 akukhala m'mudzimo, pa mutu 19 wakhala pachipata penipeni. Palibe tsiku limene anati, lero ndikhale wa ku Sodomu. Wosankha chipinda wasankhanso anthu amene adzamva mau awo asanagone ndi podzuka pomwe, ndipo mau amenewo adzamumba koposa a mphunzitsi wa m'kalasi.

Pano ndi pamene ambiri a ife timapatukira kunjira yolakwika. Poopa Sodomu timauza mwana kuti: ukapewe anzako, ukatseke chitseko, ukagwire mabuku okha. Kodi malangizo ameneŵa ndi achikhristu? Ine ndikuti ayi. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ndipo mwana wosungulumwa amatsegulira aliyense woyamba kugogoda. Ganizirani mtsikana amene ndalama ya ngongole ya boma yamthera, eni nyumba akufuna lendi, ufa watha, ndipo alibe mnzake ndi mmodzi yemwe womuuza. Bambo wa galimoto akaima pamsewu, chimene chimloŵetsa m'galimotomo si mtima woipa, koma njala ndi kusoŵa wodandaulira. Amene tinamuuza kuti asakhale ndi anzake tili ndi gawo pa mlanduwo.

Chifukwa chake ŵerengani nawo za Danieli. Iyenso anali wophunzira wa chaka choyamba m'mudzi wachilendo, pa maphunziro a zaka zitatu. Malo sanasankhe, chakudya anachita kumuikira, ngakhale dzina anampatsa lina. Koma sanali yekha: anali ndi Hananiya, Misaeli ndi Azariya. Pa mutu 2, imfa itawayandikira, anapita kunyumba kwake kukauza anzakewo kuti apemphere pamodzi. Onaninso kuti sanakane zonse za ku Babulo. Anaphunzira chinenero ndi mabuku a Akasidi, ndipo woyang'anira wawo analankhula naye mwaulemu, napempha kuti awayese masiku khumi. Chinthu chimodzi chokha anachitsimikiza mumtima nthaŵi isanakwane, ndipo pa chimenecho sanasunthike.

Kotero mwana wathu angathe kucheza ndi Msilamu, Mkatolika ndi wosapemphera yemwe, kuŵerenga nawo ndi kupita nawo ku mpira pa Kamuzu Stadium. Chofunika n'chakuti adziŵiretu ali kuno kwathu zimene sadzachita, ndiponso akhale ndi aŵiri kapena atatu odziŵa zimenezo, amene angamufunse Lolemba kuti dzulo unali kuti.

Ana ochenjera adzakufunsani funso lovuta: nanga mnzanga wa m'chipinda akakhala wa moŵa ndi wobweretsa alendo usiku, ndisamuke kapena ndikhale kuti ndimthandize? Musayankhe msanga. Ambuye wathu anadya ndi ochimwa, n'zoona. Koma mwana wa chaka choyamba ali ngati mbande yongookedwa kumene. Ngati m'chipindamo sangathe kugona, kuŵerenga kapena kupemphera, asamuke popanda chidani, ndipo apitirize kumpatsa moni mnzakeyo ndi kumchezera masana. Kukhala kwa achibale nakonso kuyenera kukambidwa poyera. Kwa amalume ku Bangwe kapena ku Chilomoni kuli chakudya ndi maso a akulu, koma ana ena asanduka olera makanda mayeso ali pafupi, chifukwa makolo anachita manyazi kupangana poyamba.

Tsono ntchito yanu sithera pa Sande ino. Dziŵani ana a m'kalasi mwanu amene asankhidwa, ndipo lembani kumene akukagona. Kumbutsani akulu a mpingo kuti awapatse kalata yopita nayo ku mpingo wa kumene akupitako, pakuti mwana wopanda kalata amakhala pa benchi la kumbuyo miyezi iŵiri kenaka n'kuleka. Auzeni za CCAPSO ndi SCOM, kuti akafunse kumene amakumana sabata yoyamba yomweyo. Ndipo inu a mipingo ya m'tauni, a ku St Michael and All Angels, ku Limbe ndi kwina, yang'anani nkhope zachilendo pamene sukulu zatsegulidwa. Funsani dzina ndi kwawo, ndipo mukatuluka m'tchalitchi mumtenge mmodzi akadye nanu nsima.