Kudekha kwa Alimi a Ngale

"Kuona maso a nkhono n'kudekha." Chobisika chimaonekera wofatsa, wopupuluma chimam'dutsa.

Mwambiwu ukuwayenera ndithu alimi a ngale a ku Ago Bay, ku Japan. Amalera nkhono za m'nyanja pafupifupi zaka ziwiri, n'kulowetsa kamkanda m'thupi mwa iliyonse, n'kuzibwezera m'madzi. Nkhonoyo imakuta kamkandako pang'onopang'ono, kwa miyezi yambiri, mpaka kamasanduka ngale. Mlimi sangasuzumire m'kati. Chake n'kupala zigoba ndi kuyang'anira madzi. Nkhono zina zimafa, zina zimalavula kamkandako.

Mlimi wina wa ngale kumeneko, Kokichi Mikimoto, anataya nkhono zochuluka mu 1892, madzi ataipitsidwa ndi ndere zofiira. Sanagwe mphwayi, ndipo apa m'pomwe ndimam'lemekeza: mu 1893 anapeza ngale zake zoyamba. Mpaka lero alimiwa amadikira nyengo yozizira kuti akolole, chifukwa m'pamene ngale imawala kwambiri.