Kamba wa Agogo ndi Mfutso wa M'mapaketi

Padangokhala!

Tili tonse!

Ku Ruda, m'chigwa cha Honde kum'mawa kwa Zimbabwe, kunali gogo wina wamkazi amene ankalera zidzukulu ziwiri, anyamata okhaokha. Malemu amuna awo anali mtchona. Anachoka ku Thyolo wapansi, nawoloka Zambezi pa Tete, nayamba kuthyola tiyi ku Chipinge, kenaka nasamukira ku Honde minda ya tiyi itatsegulidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1950. Kumudzi sanabwererenso. Pomwalira anasiya zinthu ziwiri: Chichewa chimene chinkayankhulidwa pakhomopo, ndi kansalu kakalekale komwe anamangamo kamba pa ulendo wautali uja.

Mdzukulu wamkulu anakana ntchito ya dengu kumsana. Iye anapeza yonyamula katundu wa alendo obwera kudzaona mathithi a Mutarazi, amene madzi ake amagwa mamita 762, ndi kudzakwera Nyangani, phiri lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, la mamita 2,592. Tsiku lina alendo potsanzika anamusiyira mapaketi asanu onyezimira ndi kachitofu ka gasi. Anafika nazo pakhomo mapewa ali m'mwamba.

Anapeza agogo ali pamphasa, akuyanika nkhwani ndi chitambe zimene anali atafutsa m'mawa.

"Agogo, mukuvutikabe ndi zimenezi? Taonani chakudya cha masiku ano. Umu muli mpunga, nyama ndi ndiwo zamasamba, zonse zophikaphika."

Agogo analandira paketi imodzi naiyesa m'manja. "Amunanga, akupusitsani. Muno muli mankhusu."

Mnyamata anaseka. "Ayi, agogo. Amaphika kaye chakudyacho, n'kuchiumitsa ndi chisanu mpaka chiti gwa ngati mwala. Akatero amachiika m'chimakina chopopa mpweya wonse, ndipo madzi oundana aja amachoka ngati nthunzi, osasungunuka n'komwe. Chotsalacho n'chopepuka, sichiola, chimakhala zaka. Ukafuna kudya umangothira madzi owira m'paketimo, kudikira mphindi 10, basi wakhuta."

"Zanzeru ndithu," anatero agogo. "Nanga madzi owirawo ali momwemo?"

"Madzi ndiye angasowe m'phiri? Moto ndi uwu," anatero akugogoda kachitofu.

Patapita sabata, mnyamata anaganiza zokwera Nyangani kuchokera mbali ya ku Aberfoyle kuti akaphunzire njira yoti azidzadzeramo ndi alendo. Anatenga mng'ono wake kuti amuperekeze. Usiku woti mawa lake ndi ulendo agogo sanagone msanga. Anaika phale pamoto nakazinga chimanga mpaka chinayamba kuthetheka, nakazinganso mtedza, nauwaza madzi amchere. Zitapola anazimanga m'kansalu ka malemu kaja, naphatikizapo kachikwatu ka mfutso.

M'mawa tambala atalira kachiwiri anati, "Amunanga, kamba wanu uyu."

"Agogo, mukufuna anthu andiseke? Wotsogolera alendo azikukuta chimanga ngati mbewa? Zimenezo zinali za agogo aamuna, nthawi ya Nyasaland. Komanso n'zolemera."

Agogo sanayankhe. Anangoika kamtolo kaja pakhonde nalowa m'nyumba. Wamng'ono anayang'ana uku ndi uku, nakatola, nakabisa pansi pa bulangete m'chikwama chake.

Anadutsa m'minda ya tiyi mame akadali pamasamba, amayi atayamba kale kuthyola masamba awiri ndi kansonga, akuponya m'madengu osacheuka. Analowa m'nkhalango, nakwera, nakwera. Masana anaima pakamtsinje, wamkulu nayatsa kachitofu. Madzi atawira anathira m'paketi, ndipo posakhalitsa fungo la nyama linamveka. Wamng'ono ananyambita supuni.

"Waona? Ukakauze agogo ako," anatero wamkulu. Posangalala anawiritsanso madzi a tiyi kawiri, osaganiza kuti gasi amatha. Botolo la madzi analidzaza theka, ati kuopa kulemedwa.

Tsono Nyangani ali ndi khalidwe lake. Anthu a Chimanyika amalilemekeza phirili, ndipo amachenjeza kuti wokwerako asamanyoze zimene waona. Nkhungu yake siodira. Anyamata aja atatuluka m'nkhalango n'kufika pamwamba pa udzu ndi miyala, mphepo inatembenuka. Kuyang'ana kumbuyo, chigwa cha Honde chazimirira. Kuyang'ana kutsogolo, kuli mbuu! Munthu kutambasula mkono, zala osaziona bwino.

"Achimwene, tiyeni tibwerere."

"Ukhale pansi. M'nkhungu sayendamo, ungaponde paphompho." Pamenepo pokha ananena zoona. Analowa kunsi kwa thanthwe nafunda bulangete limodzi.

Kutada, njala inaluma. Wamkulu anatulutsa kachitofu. Kanayaka pang'ono, kanati fuu, kenaka zii. Anakagwedeza, anakapukuta, koma gasi anali atatha. Nkhuni pamalopo panalibe, udzu unali chinyezi chokhachokha. M'botolo munatsala madzi osadzaza kapu. Mtsinje unkamveka chapatali, koma ndani akanaufuna mumdima ndi nkhungu?

Anang'amba paketi natapa chouma chija kuponya m'kamwa. Chinamwa malovu onse, chinamata m'nkhama, chinamutsamwa. Anakhosomola mpaka misozi, ludzu n'kukula kuposa njala. Anakhala duu, mapaketi anayi ali pamiyendo: chakudya cha masiku awiri chili m'manja, mimba ikulira.

Kenaka anamva kuti kukutu, kukutu.

"Iwe, ukudya chiyani?"

"Za nthawi ya Nyasaland, achimwene."

Wamkulu anakhala chete kanthawi. Manyazi ndi njala zinalimbana, njala inapambana. "Tandipatsako, mng'ono wanga."

Anamasula kansalu kaja mosamala kuti pasagwe njere ngakhale imodzi. Anagawana mtedza chikhatho chimodzi chimodzi, chimanga n'kumachivumata mpaka chifewe, madzi n'kumangonyowetsa milomo. Kamba uja sanafunse moto, sanafunse mphika. Usiku unapita, tsiku lotsatira nkhungu osasuntha, usiku wachiwiri n'kubweranso. Wamkulu ankagwira kansalu kaja n'kumaganiza za agogo ake aamuna, amene anayenda masabata ambiri m'tchire la ku Tete, kamba wawo ali womwewu.

M'mawa wa tsiku lachitatu dzuwa linaboola. Minda ya tiyi inaoneka pansipo ili biriwiri, mtsinje wa Pungwe ukunyezimira. Anatsika miyendo ikunjenjemera, namwa madzi pakamtsinje kaja, nafika pamsasa wa mlonda wina m'mphepete mwa munda. Mlondayo anali ndi moto ndi kampoto. Anawiritsa madzi nathira m'mapaketi awiri, ndipo wamng'ono anamasula chikwatu naponya mfutso mumpoto. Anadya atatu chakudya chotentha, thukuta kuti kamukamu, mphamvu n'kubwerera m'mawondo.

Pofika ku Ruda anapeza anthu atasonkhana, ena akukonzeka kukawafuna. Wamkulu sanalonjere aliyense. Anapita kukagwada pamaso pa agogo, nawapatsa kansalu kaja kali kopanda kanthu.

"Agogo, ndinalakwa. Chikhala mwana uyu sanatole kamba wanu, bwenzi lero mukulira maliro awiri. Mapaketi awa ndikataya kudzala."

"Usataye," anatero agogo. "Bwera nayo imodzi kuno."

Anateleka madzi, nathira, nadikira, nalawa. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali kumwamba.

"Mcherewu wachepa, koma n'chakudya. Uwu ndi mfutso, amunanga, mfutso wa anzathu akutali. Iwo amachotsa madzi ndi chisanu, ife timachotsa ndi dzuwa. Nzeru yake ndi imodzi, ndipo yawoyi yaposa pa kupepuka. Uzinyamula ndithu. Koma mfutso uliwonse, wawo kapena wanga, umadikira madzi ndi moto. Iwe unamanga kamba wa tsiku labwino. Agogo ako aamuna ankati kamba amamangira tsiku loipa."

Kuyambira pamenepo mnyamata uja akamatsogolera alendo, m'chikwama mwake mumakhala mapaketi, gasi wapadera, botolo lodzaza, ndipo pamwamba pa zonse kansalu kakalekale ka chimanga ndi mtedza. Alendo akafunsa, amawagawirako.

Ana inu, chatsopano chikabwera chilandireni, koma muzifunsa chimene chimadalira, ndi chimene mudzadye tsiku limene chodaliridwacho chidzasowe. Ndipo wamkulu akakuikirani kamtolo pakhonde, tolani, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.

Nthano yanga yathera pomwepa.