M'mera mpoyamba

M'mera mpoyamba. Chimanga chosasamalidwa chitangomera sichidzaza nkhokwe.

Kuno ku Chipadze, m'tauni ya migodi ya Bindura, liwombo la khanda likalowa m'kati agogo sagona tulo. Koma likatsekeka msanga timati mwana ngolimba. Ayi ndithu. Mafupa a chigaza amayenera kukhala otalikirana kuti ubongo upeze pokulira. Pa matenda obadwa nawo monga Apert ndi Crouzon, mafupawa amagwirana nthawi isanakwane: mutu umasongoka, maso amatong'oka, ndipo pa Apert zala zimamatirirana. Si ufiti, komanso mayi sanalakwe kanthu.

Ana ambiri a Crouzon nzeru zawo nzofanana ndi za anzawo, ena a Apert amachedwa kulankhula ndi kuphunzira. Chimene chimandiwawa nchakuti zina zowabwezera m'mbuyo nzopeweka: ubongo kupanikizika, makutu kusamva bwino, kubanika kutulo. Ubongo umakula mothamanga m'chaka choyamba, ndiwo m'merawo. Nchifukwa chake madokotala amakonda kupatula mafupawo mwana asanathe chaka.

Amayi, popita kusikelo pemphani namwino ayeze mutu wa mwana ndi tepi. Mukakayika, thamangani ku chipatala chachikulu cha Bindura akakutumizeni ku Parirenyatwa, ku Harare.