KODI WOULULA ZOIPA ZA KWAO NDIYE MDANI WA DZIKO?

Mwezi uno tifuna kuti tilingirire pamodzi funso limene lasautsa anthu a mitundu yambiri. Munthu akaona coipa cirikucitika m'dziko la kwao, nacinena poyera, nacilemba m'nyuzi kuti angakhale a maiko ena amve, kodi munthuyo walicitira dziko lace cipongwe, kapena walicitira zabwino? Ndipo boma likamletsa kuturuka m'dzikomo, likamlanda citupa ca ulendo ndi kumlondalonda usana ndi usiku, kodi lacita cilungamo? Tisayankhe msanga. Tiyambe tamva mbiri ya munthu wina amene zinamgwera.

Ku Germany kunali mlembi dzina lace Carl von Ossietzky, wobadwira ku Hamburg m'caka ca 1889, ndiye anali mkonzi wa nyuzi ya Die Weltbühne. Itatha nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, maiko anapangana pangano ku Versailles m'caka ca 1919, ndipo mwa mau a panganolo dziko la Germany linaletsedwa kukhala ndi ndege za nkhondo. Koma akuru a asilikari anayamba kukonza khamu la ndegezo mobisa. M'caka ca 1929 nyuzi ya Ossietzky inaturutsa nkhani, yolembedwa ndi Walter Kreiser, youlula cinsinsi cimeneci. M'mwezi wa November 1931 bwalo lalikuru la mirandu ku Leipzig linaweruza kuti onse awiri akhale m'ndende miyezi 18. Kreiser anathawira ku France. Ossietzky analowa m'ndende mu May 1932, namasulidwa mu December caka comweco. Zindikirani kuti zonsezi zinacitika Hitler asanatenge ulamuliro, dziko likali ndi masankho ndi mabwalo ace.

Hitler atalowa mu January 1933, abwenzi anamdandaulira Ossietzky kuti athawe, koma iye anakana. Pa 28 February, m'mawa mwace mwa tsiku limene nyumba ya malamulo inapsya, apolisi anamgwira. Anamsunga m'misasa ya akaidi ku Sonnenburg ndi ku Esterwegen, kumene anammenya namgwiritsa nchito yolemetsa, ndipo anadwala cifuwa cacikuru. Mu November 1936 kunamveka mbiri yocokera ku Oslo, m'dziko la Norway, kuti wapatsidwa mphotho ya mtendere ya Nobel ya caka ca 1935. Hermann Göring anamuumiriza kuti aikane mphothoyo, koma wodwalayo anaibvomera. Pamenepo boma linammana citupa ca ulendo, ndipo mu January 1937 Hitler analetsa munthu ali yense wa ku Germany kulandiranso mphotho ya Nobel. Ossietzky anamwalira pa 4 May 1938 m'cipatala ku Berlin, apolisi akali kumyang'anira.

Tsono timve mau a iwo amene anamtsutsa, pakuti sali opanda nzeru konse. Iwo akuti: Za m'nyumba sazitengera kubwalo. Mwana amene akamba zofooka za atate wace kwa alendo alibe mwambo, ndipo dziko lozingidwa ndi adani liyenera kusunga zinsinsi zace. Mau awa tiwadziwa, ndipo mwa iwo muli coona. Munthu wotenga mkangano wa m'banja kukauseketsa pamowa timyesa wopusa, ndipo tikhoza pomyesa motero.

Koma taonani kusiyana kwace. Pali kazitape, ndipo pali mboni. Kazitape anong'oneza mdani mumdima, nalandira ndarama. Mboni iimirira pamaso pa anthu onse, nichula dzina lace, nidikira cimene cidzaigwera. Ossietzky sanagulitse kanthu kwa mdani. Analankhula ku Berlin komweko, m'cinenero ca kwao, kwa anthu a kwao amene msonkho wao unali kulipira zobisikazo iwo osadziwa. Ndipo cinsinsi cimene anaulula cinali kuswa kwa pangano limene dziko lace lomwe linalembapo dzina. Mwamuna akamabisa moto pansi pa denga la udzu, mkazi napfuula kuti anansi amve, ndani adzati mkaziyo wayalutsa banja? Akuru anati, wakutsina khutu ndi mnansi. Patapita caka cimodzi ndi miyezi inai Ossietzky atamwalira, nkhondo inabuka. Ndege za Germany zinagumula Warsaw m'caka ca 1939, ndipo m'caka ca 1943 ndege za adani zinatentha Hamburg, mudzi womwe iye anabadwiramo. Tsono anakonda dziko lace ndani, iye amene anacenjeza kodi, kapena iwo amene anamtseka pakamwa?

Wina adzati: Nanga boma liribe mphamvu yoletsa munthu kuturuka m'dziko? Liri nayo ndithu. Mbala imene mlandu wace uli pabwalo siiloledwa kuoloka malire, ndipo palibe wodandaula. Mitundu ya anthu inagwirizana m'caka ca 1948, m'ndime 13 ya cikalata ca ufulu wa anthu onse, kuti munthu ali yense akhoza kucoka m'dziko liri lonse, ngakhale la kwao, ndi kubweranso kwao. Pangano lina la m'caka ca 1966, m'ndime yace ya 12, linalola kuti ufuluwu ucepetsedwe, koma pokhapo lamulo litanena, ndi pokhapo pali cifukwa ceniceni. Cotero ciletso colungama cidziwika ndi zizindikiro zace: munthu amuuza mlandu wace, ampatsa bwalo loti akadzikanire, ndipo ciletsoco ciri ndi tsiku lotha.

Tiyese zizindikirozi pa zimene zinacitika ku Egypt masiku athu ano. M'caka ca 2011 boma linatsegula mlandu wa nambala 173, wofufuza mabungwe oteteza ufulu wa anthu pa nkhani ya ndarama zocokera kunja. Hossam Bahgat, mlembi wa nyuzi amene anayambitsa limodzi la mabungwewo, anafika pabwalo la ndege ku Cairo mu February 2016, ndipo pomwepo ndipo anamva kuti saloledwa kuturuka. Mu September caka comweco bwalo linatseka cuma cace. Mozn Hassan, mai woteteza ufulu wa akazi, anabwezedwa pabwalo lomwelo mu June 2016, ndipo atapatsidwa mphotho ya Right Livelihood sanathe kupita ku Stockholm kukailandira. Mu March 2024 woweruza wofufuza anatseka mlandu wa bungwe la Bahgat cifukwa umboni unali wosakwanira. Zaka 8 zinapita munthu ali womangidwa miyendo, osazengedwa mlanduwo, ndipo zakazo palibe adzambwezera.

Cifukwa ninji olamulira akonda cilango cotere? Cifukwa ciribe mwazi, ndipo sicioneka. Munthu woponyedwa m'ndende amlirira anthu. Koma woletsedwa ulendo ayenda pamsika, agona kwace, ndipo omuona ayesa kuti ali pamtendere. Komabe dziko lonse lamsandukira khola. Sangathe kupita kukaphunzira, kapena kukaona dotolo wa kutali, kapena kukaika maliro a mbale wace wofera kucilendo. Ndipo cilangoco sicilinga iye yekha ai. Mlembi wacinyamata aona zimene zagwera mkuru wace, nasiya nkhani imene anati alembe; palibe anamletsa, wadziletsa yekha. Momwemo pomanga mmodzi atontholetsa zana.

Pamenepa boma lidziulula lokha. Likadakhala loyera, likadamlola munthuyo apite, nilitumiza wace womtsata kukamtsutsa ndi umboni pamaso pa omvera omwewo. Wotseka citseko kuti mboni isafike pabwalo wabvomera mlandu asanafunsidwe.

Sitinena kuti alembi a nyuzi onse ali olungama. Alipo onama, alipo ogulidwa, ndipo mlembi wonamizira mnzace acita coipa cacikuru, popeza bodza lolembedwa liyenda kutali koposa la pakamwa. Iye amene afuna kumveka ayenera kuyamba wafufuza bwino, ndi kubweza mau ace poyera akalakwa. Koma mankhwala a bodza ndiwo kulitsutsa poyera, kapena kuliimbira mlandu pabwalo loona. Tikalola kuti wolamulira yekha asankhe amene ayenera kulankhula ndi kuyenda, adzayamba ndi wonama lero, mawa adzafika kwa wonena zoona, pakuti amene amuwawitsa mtima koposa ndiye wonena zoonayo.

Potsiriza, abale, tisayese kuti nkhaniyi iri ya mafumu a kutali okha. Pamudzi pathu, m'bungwe la sukulu kapena la citsime, munthu akaimirira nafunsa kumene ndarama zinapita, timcitira ciani? Kawirikawiri timchula wobvuta, tileka kumuitana kumsonkhano, tileka kumpatsa moni, ndipo iye amene anadya ndaramazo akhalabe pampando. Mtima umene unammana Ossietzky citupa ndi womwewu, ungosiyana kukula kwa mphamvu. Makolo anati mfumu ndi dzala, kunena kuti wolamulira alandire zonse zimene anthu amtula, zokoma ndi zowawa zomwe. Mwezi uno munthu wotere akaimirira pakati panu, muyambe mwamumva kufikira atatha mau ace, ndipo mufunse ngati zimene wanenazo ziri zoona musanafunse cifukwa cace wazinena.