Kudzipatula ndi Kupatulidwa

Kuwerenga: Luka 2:36-38, 1 Petro 2:9

Ife a mu Ng'ombe tayandikana ndi Roma, kumene masisitere amatumikira pa sukulu ya Roma Girls. Timawaona kawirikawiri, koma mawu onena za moyo wawo timawasokoneza. Tiyeni tiwaike m'malo mwake.

Mawu akuti mmonke anachokera ku Chigiriki, ndipo amatanthauza munthu wokhala payekha. Akazi timawatchula masisitere, amuna osadzozedwa unsembe ndiwo abulazala. Ambiri a iwo amachita malumbiro atatu: umphawi, kumvera ndi kusalowa m'banja. M'zaka za m'ma 500, Benedict wa ku Italy analemba malamulo ogawa tsiku la amonke pakati pa pemphero, kuwerenga ndi ntchito ya manja. Ku Katibunga, m'boma la Mpika, kuli amonke otsata malamulo amenewo. Moyo wonsewu timautchula kuti kudzipatula.

Nanga ife a Reformed tikuti bwanji? Martin Luther nayenso analowa umonke mu 1505. Powerenga Malembo anapeza kuti chipulumutso sichigulidwa ndi malumbiro, ndi mphatso ya chisomo. Mu 1525 anakwatira Katharina von Bora, amene kale anali sisitere, naphunzitsa kuti ntchito ya pakhomo yochitidwa mwa chikhulupiriro ndi utumiki wokondweretsa Mulungu.

Apa mpamene pabwera mawu achiwiri: kupatulidwa. Pa kudzipatula wochita ndi munthu, koma pa kupatulidwa wochita ndi Mulungu. Petro sanalembere anthu a mu mpanda ayi, analembera akhristu wamba obalalika m'maiko. Inu amayi ogulitsa ndiwo pamsika, inu ochapa m'nyumba za ku Kalundu, inu olera adzukulu amasiye, musanene kuti moyo wanu ulibe chiyero. Mulungu anakupatulani pomwe mulipo.

Komabe masisitere ali ndi chotiphunzitsa. Nthawi yawo ya pemphero sisinthanitsidwa ndi kanthu. Anna, wamasiye wa zaka zambiri, anachitanso chimodzimodzi m'Kachisi, ndipo maso ake anaona Mpulumutsi. Nanga yanu nthawi ndi iti? Ikani ngakhale mphindi 15 musanayatse mbaula. Ndipo mayi wosakwatiwa kapena wamasiye mu Chigwirizano tisamamuyese wopereŵera, pakuti Paulo pa 1 Akorinto 7 akulemekeza moyo wotere.

Ambuye atithandize kukhala monga anthu ake opatulidwa. Amen.