Kudalira Injini Imene Munthu Sangathe Kuikonza

Mkangano wa injini zakale ndi zamakono sutha pakati pa madalaivala ndi amakaniko a ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue. Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, pa msewu waukulu wopita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndipo mabanja ambiri amadyera pa galimoto: maminibasi a Toyota Hiace, matakisi ndi timalole tonyamula katundu. Ena amati injini zakale zinali zosafa. Ena amati zinkafa sabata ndi sabata, kungoti anthu anaiwala. Pansi pa mkanganowu pali funso limene silikhudza zitsulo zokha: kodi munthu amadalira chinthu chifukwa chakuti sichimukhumudwitsa, kapena chifukwa chakuti chikamukhumudwitsa amadziwa pogwira?

Injini yakale ya petulo, monga ya Peugeot 504 kapena ya ma Fiat amene ankalumikizidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970, inali yoonekera. Mafuta ndi mpweya zinkasakanizidwa mu kabureta, moto wa mapulagi unkagawidwa ndi distributor, ndipo m'kati mwake munali mapoyinti otseguka ndi kutsekeka pakampata kosafika theka la milimita. Kampatako kankasuntha, mapoyinti ankapsa, timabowo ta kabureta tinkatsekeka ndi fumbi. Galimoto ikazima panjira, dalaivala ankatsegula boneti, n'kupala mapoyintiwo ndi kapepala ka mchenga, n'kuuzira kabowo kotsekekako ndi pakamwa, ulendo n'kupitirira. Batire ikatha mphamvu, anyamata anayi okankha ankakwanira. Injini yotere inkadwaladwala, koma matenda ake ambiri ankachizika ndi sipanala, pulayala ndi khutu lozolowera kulira kwake.

Amene amaitamanda amaiwala chinthu chimodzi. Galimoto zakale zimene zikuyendabe lero ndi zopulumuka. Zinzake zambirimbiri zinasanduka zikwakwa kumbuyo kwa magaraja, ndipo zimenezo sizilowa m'nkhani. Ngakhale mita yowerenga mtunda ya masiku amenewo nthawi zambiri inkakhala ndi malo a manambala asanu okha, moti ikafika pa 99,999 inkayambiranso pa ziro.

Injini yamakono siifa wamba, ndipo pamenepa palibe chotsutsa. Kompyuta ndi imene imayeza mafuta olowa mu silinda iliyonse, potengera zimene masensa akuiuza za mpweya, kutentha ndi utsi. Mapulagi a iridium amatha kuyenda makilomita pafupifupi 100,000 asanasinthidwe, oyilo wa masiku ano amateteza zitsulo bwino, ndipo Corolla yosamalidwa yopitirira makilomita 300,000 si yachilendo. Utsi nawo unachepa. Petulo wa mtovu, amene ankawononga ubongo wa ana, anasiya kugulitsidwa m'maiko a kumwera kwa Sahara kumayambiriro kwa 2006, ndipo izi zinatsegulira njira galimoto zokhala ndi chipangizo choyeretsa utsi.

Kulimba kumeneku kuli ndi malamulo ake. Injini ya dizilo ya common rail, imene inalowa m'galimoto zing'onozing'ono mu 1997, imapopa mafuta pa mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi. Madzi pang'ono kapena kachitsotso ka m'chigubu cha dizilo wogulidwa m'mbali mwa msewu n'kokwanira kupha ma injector onse, ndipo amenewo sakonzedwa pansi pa mtengo wa mango. Kwa zaka zambiri dizilo wochokera ku fakitale yoyenga mafuta ya Indeni ku Ndola anali wa sulufule wochuluka. Paipi ya TAZAMA inayamba kubweretsa dizilo wa sulufule wochepa kuchokera ku Dar es Salaam mu 2023. Komanso galimoto zambiri zimafika ku Kafue zitagwira kale ntchito ku Japan, chitsimikizo cha wopanga chitatha kalekale. N'chifukwa chake Land Cruiser ya injini ya 1HZ, imene Toyota inayamba kupanga mu 1990 ndi pampu yosadalira kompyuta, imakondedwabe ndi oyenda m'misewu ya kumidzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zimenezi zikusonyeza kuti kudalirika sikukhala m'chitsulo mokha. Kumakhala pakati pa injini, mafuta amene alipo, shopu ya zipangizo imene ili pafupi ndi nzeru za amene angaikonze. Injini imodzimodziyo ndi yodalirika ku Nagoya, ku Japan, ndipo ndi yokayikitsa pa msewu wa ku Chiawa nthawi ya dzinja. Ivan Illich, m'buku lake la 1973 lotchedwa Tools for Conviviality, anasiyanitsa zida zimene munthu wamba angazimvetse ndi kuzilamulira ndi zida zimene zimamusandutsa wodalira akatswiri. Ganizo lake lili ndi mphamvu, ngakhale kuti limapeputsa phindu la kusafa panjira. Mayi wopita ndi mwana wodwala ku chipatala cha UTH ku Lusaka safuna minibasi yosavuta kukonza. Amafuna yosaima.

Apa funsoli limayandikana ndi nkhani ya chikhulupiriro. Zambia inalengezedwa kuti ndi dziko lachikhristu mu December 1991, ndipo si zachilendo kumva pemphero kapena ulaliki m'basi ulendo usanayambe. Mipingo imaphunzitsa kudalira zimene maso saona, choncho wina anganene kuti kudalira kabokosi kotsekedwa ka kompyuta si chinthu chatsopano. Wokwera minibasi sadziwa ngakhale dzina la dalaivala, koma amapereka moyo wake m'manja mwake. Komabe kufanana kumeneku kumathera panjira. Wokhulupirira amadalira Mulungu amene amati amamva akadandauliridwa. Mwini galimoto yakale ankadalira makaniko wodziwika, amene amakumana naye pamaliro ndi kutchalitchi, ndipo akalakwitsa ntchito ankatha kumubwerera. Mwini galimoto yamakono amadalira injiniya wakutali amene sadzamuona, amene sanalonjeze chilichonse kwa wogula wachitatu wa ku Nangongwe. Kudalira kotere kulibe woyankha. Chimene chimakuchirikiza ndi mbiri yabwino ya galimoto zinzake basi.

Mpata wa pakati pa munthu ndi injini yamakono wayamba kuchepa pang'ono. Kuyambira 1996 dziko la America linalamula kuti galimoto zatsopano zikhale ndi malo olumikizira makina oyezera, a timano 16, ndipo opanga ambiri anatsatira. Lero kachipangizo kotsika mtengo kolumikizidwa pansi pa chiwongolero kamatumiza manambala a vuto pa foni, moti makaniko wachinyamata amatha kufunsa injini chimene chikuipweteka. Yankho lake limakhala la theka. Nambala P0300 imangonena kuti masilinda akuphonya moto mwa apo ndi apo, osatchula ngati vuto ndi pulagi, koyilo, mafuta oipa kapena paipi yong'ambika yolowetsa mpweya. Chotsalacho chimafunabe khutu, mphuno ndi zala za munthu amene anaphunzira pa kabureta. M'magaraja amene wamkulu ndi wachinyamata amagwirira limodzi vutolo limapezeka msanga. Kumene aliyense ali payekha, mwini galimoto amagula sensa pambuyo pa sensa mpaka ndalama zitatha.